Mutu 6: Mpando wa Pambali pa Amalume

1. Khofi wa bwana

Bwana Tazi sankamwetsa munthu khofi popanda chifukwa. Aliyense pakampani paja ankadziwa zimenezo. Choncho Lachiwiri m'mawa, mlembi atabwera kudzaitana Wiam, anzake anamuyang'ana ngati munthu amene akupita kukamva zotsatira kwa dokotala.

Wiam anali atangomaliza kumene maphunziro a zamakompyuta. Ntchito anaipeza kudzera mwa amalume ake, a Bouchaib, amene anamulera kuyambira pamene bambo ake anamwalira. Awiriwa ankakhala nyumba imodzi ku Lissasfa, ankakwera sitima imodzi ya mumzinda, ndipo ankagwira ntchito m'chipinda chimodzi ku Sidi Maarouf, kuno ku Casablanca.

Kampani yawo inkasamalira makompyuta a masitolo a nsapato a ku France. Makina olipirira akaima ku Lyon, foni inkalira pa desiki ya a Bouchaib. Pulogalamu yakale imene inkayendetsa masitolowo ankaidziwa monga mmene munthu amadziwira makwalala a kwawo.

Bwana Tazi anathira khofi yekha, nayamba ndi kuyamikira. Anati Wiam ndi wakhama, safika mochedwa, ndipo mutu wake umagwira zinthu msanga. Atatero anadzuka n'kukatseka chitseko.

Nkhani yake inali yaifupi. Eni masitolo ku France anali atapeza anthu otsika mtengo ku Madagascar, olankhula Chifalansa chabwino komanso osadandaula. Ntchito yonse ya gulu la a Bouchaib inali kusamukira kumeneko, ndipo antchito adzauzidwa Lolemba.

Chovuta chinali chimodzi. Zambiri za pulogalamu yakale ija sizinalembedwe paliponse, zinali m'mutu mwa a Bouchaib. Pankafunika munthu wokhala pambali pawo, woona chilichonse chimene akuchita, wojambula zonse za pa sikirini ndi kufunsa mafunso, mwini wake asanamve n'kuumitsa mutu. Pa ntchito zathuzi amati kukhala chithunzithunzi cha munthu.

"Ndikawaikira mlendo azindikira tsiku lomwelo," anatero bwana. "Koma iwe ndiwe magazi awo. Ukaigwira bwino, utsala. Tikutumizanso kumaphunziro a chitetezo cha makompyuta, luso limene kampani iliyonse ikulilimbirana masiku ano. Koma nkhaniyi ikatuluka Lolemba lisanafike, ndidziwa kumene yatulukira, ndipo mudzatulukira geti limodzi nonse awiri."

Wiam anafunsa kuti nanga amalume ake ziwathera bwanji. Bwana anatambasula manja nati kampani idzawathokoza moyenera. Mabwana akamalankhula choncho amakhala akunena kuti palibe kanthu. Mtsikanayo anamva bwinobwino, anachita mantha, komanso maphunziro aja anawafuna ndi mtima wake wonse. Anamwa khofi uja mpaka pansi, ndipo anavomera.

2. Chithunzithunzi

Masana omwewo Wiam anakokera mpando wake pambali pa amalume ake, nati akufuna kuphunzira pulogalamu yakale ija. A Bouchaib anavula magalasi n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iweyo? Si iwe umati pulogalamuyi ndi nkhalamba inzanga, tizikaothera dzuwa limodzi pakhonde?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Chimwemwe chawo chinali chenicheni, ndipo n'chimene chimandipweteka ndikamaikamba nkhaniyi. Kwa zaka zambiri achinyamata a mu ofesi ankawazemba, poti aliyense ankathamangira zatsopano. Tsopano mwana wa mlongo wawo anali atabwera yekha kudzapempha nzeru. Anauza aliyense wodutsa, ngakhale amene sanafunse.

Sanabise kanthu. Anamuonetsa mmene pulogalamuyo imatsamwira masiku otsitsa mitengo, makasitomala akadzaza m'masitolo. Anamuonetsa makina oyenera kuyamba kuzimitsidwa ndi oyenera kusiyidwa osakhudzidwa. Anamuuzanso za mayi wina wa ku sitolo ya ku Lille amene amayamba ndi kukalipa, koma ukamufunsa za galu wake amafewa n'kufotokoza vuto bwinobwino.

Pakona pa sikirini pankayaka kadontho kofiira kosonyeza kuti zonse zikujambulidwa. A Bouchaib atafunsa, Wiam anati akufuna azikabwereza yekha kuti asaiwale. Iwo anagwedeza mutu mokondwa nati mwana wanzeru amatero. Tsiku lililonse asanaweruke, mtsikanayo ankatumiza zojambulazo kwa bwana Tazi, ndipo bwana ankazitumiza ku Antananarivo, likulu la Madagascar.

Lachinayi madzulo, ali m'sitima kubwerera kunyumba, amalume anamuuza nkhani imene sankaiyembekezera. Mnzawo wakale, a Miloud, ankagwira ntchito pakampani ina ya ku doko, yosunga katundu wa m'sitima zapamadzi. Kumeneko kunkafunika munthu wachikulire woyang'anira makompyuta ndi makamera, ndipo a Miloud anali atawasungira malowo. Yankho ankalifuna mawa lake, pa chakudya cha Lachisanu.

"Ndiye muwayankha kuti chiyani, amalume?"

"Ndikana. Malipiro ake ndi ochepa, komanso ndingasiye bwanji anthu anga? Azungu aja popanda ine sangagulitse ngakhale patapata. Ndiponso pano ndili ndi wophunzira."

Anamugogoda pamutu ndi chala monga ankachitira ali wamng'ono. Apa panali poyenera kuwatsina khutu. M'sitima munalibe bwana, munalibe mlembi, ndipo mawu ochepa chabe akanakwanira. Wiam anayang'ana pawindo, nadziuza kuti awauza mawa.

3. Mbale ya Lachisanu

Lachisanu kampani inkapereka nthawi yaitali yopuma masana. Wiam anathamangira kunyumba kukathandiza azakhali ake, a Zhor, ndipo pamene amalume ndi a Miloud ankachokera ku mzikiti, mbale yaikulu ya kuskusi, chakudya cha timibulu ta tirigu, inali kale pakati pa tebulo. Pamwamba panali maungu, kabichi ndi makaloti, nyama ya nkhosa itabisala pakati.

A Miloud anali munthu wamtali, wa imvi, wokonda nthabwala. Analowa akudandaula kuti mlamu wawo a Zhor amaphika bwino dala kuti amuna a eni azinyoza za kwawo. A Zhor anawayankha kuti akachulutsa zokamba apeza mbale yayera. Onse anasamba m'manja, natchula dzina la Mulungu, aliyense n'kuyamba kudya mbali yoyang'anana naye.

Njala itachepa, a Bouchaib anayamba kuzungulira ndi mawu othokoza, ndipo mnzawoyo anadziwiratu kumene nkhani ikulowera. Anaika supuni pansi.

"Bouchaib, usanakane undimvere. Ine ndi iwe tinayamba limodzi. Ntchito yathuyi inabwera kuno pa waya, ukukumbuka? Azungu aja anatiphunzitsa nkhope zili zakugwa, ife tikusekerera kuti mwayi watigwera. Palibe mmodzi wa ife amene anafunsa kuti iwowo akupita kuti tikamaliza kuphunzira. Ndiye ndikuuze, mbale wanga, waya umene unaibweretsa ntchitoyi sunaduke. Ulipo, ndipo tsiku lina idzachokera pomwepo osatsanzika. Eni masitolo sadziwa dzina lako. Sadziwa kuti unagonapo mu ofesi makina awo ataima. Chimene amadziwa n'chakuti kwinakwake kuli munthu amene angachite zomwezo atadya pang'ono kuposa iwe.

"Inenso ndinkati sangandichotse chifukwa ndimadziwa zonse. Anandiikira mnyamata waulemu pambali, wondigulira tiyi, wondifunsa mafunso okoma. Ine ndinkangoyankha, mtima uli mbee. Pamene ndimamaliza kuyankha, ntchito inali itapita kale. Ndinakhala pakhomo manja lende mpaka ana anga anayamba kuopa kundipempha kanthu. Ndinayenda m'maofesi ndi imvi zangazi, ndipo kulikonse ankandifunsa zinthu zimene sindinaziphunzire, chifukwa zaka zonsezo ndinali nditakumbatira pulogalamu imodzi.

"Ku doko malipiro ndi ochepa, sindikunamiza. Koma sitima zimakocheza kuno, makamera ali kuno, ndipo chingwe chikaduka pamafunika munthu wa miyendo woti akwere makwerero. Doko sangalinyamule kupita nalo dziko lina."

A Zhor anali atasiya kudya. A Miloud anatembenukira kwa Wiam, amene maso ake anali m'mbale.

"Nawenso mwanawe umve, poti ndinu achinyamata amene mutsale nazo. Usamati ndapeza ntchito, basi ndafika. Chaka chilichonse uzidzifunsa kuti, chimene ndikuchitachi, kodi munthu wa kutsidya kwa nyanja sangachichite pa sikirini? Ngati angachichite, yamba kuphunzira china usanakankhidwe. Phunzira kuteteza makina kwa akuba a pa intaneti. Phunzira zimene zimafuna kuti mwini katundu akuone nkhope n'kukukhulupirira. Koma pokwerapo uziona pamene ukuponda. Makampaniwa amasinthasintha anthu ngati mababu a magetsi, ndipo tsiku limene adzakutaye, okutola adzakhala anthu omwewa ukudya nawo mbale imodziwa."

A Bouchaib anaseka nati mnzawoyo walalikira kuposa mmene analalikira shehe ku mzikiti. Anati kampani yawo ndi ina, bwana Tazi amawalemekeza, ndipo sabata yatha yomweyi anawagwira chanza pamaso pa anthu.

"Chabwino," anatero a Miloud. "Ndiyankhe chimodzi chokha. Masiku ano sanakuikire munthu pambali? Wokuonerera, wojambula zimene ukuchita?"

"Alipo," anayankha a Bouchaib akuloza ndi supuni. "Ndi kazitape wangayu. Ukufuna undiuze kuti ndiziopa mwana amene ndinamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato?"

A Zhor anaseka. A Miloud sanaseke. Anamuyang'ana Wiam nthawi yaitali, osati mwaukali, koma ngati munthu amene akupempha.

"Mwana wanga, pampandopo unapempha wekha, kapena anachita kukutuma?"

Azakhali ankathira chambiko m'matambula. Wiam anaganiza za geti limene bwana anatchula, anaganiza za maphunziro aja, ndipo manyazi oti aulule pamaso pa mlendo anamugwira. Anasankha njira yomwe inali yophweka pa mphindi imeneyo.

"Ndinapempha ndekha."

"Wamva?" anatero a Bouchaib. Anafukula pakati pa mbale, napeza nthuli yofewa kwambiri, imene mwamwambo imapita kwa mlendo, n'kuikankhira mbali ya Wiam. "Idya, wophunzira wanga. Miloud, Mulungu akudalitse pondikumbukira, koma malowo upatse wina."

A Miloud anapuma mozama. Anati pali bambo wina amene wakhala akuwavutitsa za malo omwewo, ndipo amuitana mawa m'mawa. Wiam anadya nthuli ija yonse, poti kuibweza kukanafuna kufotokoza, koma sanaimve kukoma.

4. Lolemba

Mpata unalipobe. Lachisanu madzulo a Miloud anali asanaitane munthu wina uja, ndipo foni ya amalume inali pa tebulo pabalaza. Wiam anaidutsa kangapo. Loweruka anachapa zovala za nyumba yonse osatumidwa, Lamulungu anakolopa mpaka makwerero a anthu oyandikana nawo. Azakhali anamuyamikira kuti wakula. Munthu akamathawa mawu amalimbikira ntchito za manja.

Lolemba m'mawa gulu lonse linaitanidwa kuchipinda cha misonkhano. Pa tebulo panali timabotolo ta madzi ndi mabisiketi, zinthu zimene sizinkaoneka pa misonkhano ya masiku onse. Anthu atangoziona anasiya kucheza.

Bwana Tazi analankhula za mpikisano wa padziko lonse, za nthawi zosintha, za banja limodzi la kampani. Anazungulira mpaka anthu anatopa, kenako anagwetsa nkhani. Ntchito ya masitolo a nsapato ikupita ku Madagascar. Gulu lidzathetsedwa pakutha pa mwezi, likamaliza kuphunzitsa anzawo atsopanowo.

Mayi wina anayamba kulira mwakachetechete. A Bouchaib anaimirira, nkhope ili gwa, nati zimenezo sizingatheke chifukwa pulogalamu ija palibe wina amene amaidziwa. Analankhula mosaopa, ngati munthu amene wagwira chingwe cholimba.

Bwana anamwetulira. Anati nkhawa imeneyo ichoke, chifukwa mbali yaikulu ya ntchito yosamutsa nzeru yachitika kale sabata yathayi, ndipo anzathu a ku Antananarivo aonera zojambulidwa zonse. Anapempha kuti anthu amuombere m'manja Wiam, amene anaigwira ntchitoyo mwakhama ndi mosunga chinsinsi, ndipo ndi amene atsogolere zotsalazo. Anaomba yekha. Lonjezo lake analisunga, koma sanaone chifukwa chomubisira mtsikanayo, poti kwa iye nkhaniyo inali itatha.

A Bouchaib sanatembenuke kumuyang'ana. Anakhala pansi pang'onopang'ono, ndipo msonkhano utatha anatuluka ndi foni m'manja. Wiam anawatsatira chapatali mpaka pakhonde. Anawamva akupereka moni kwa a Miloud ndi mawu onyengerera amene anali asanawamvepo pakamwa pawo. Kenako anamvetsera yankho la mnzawoyo.

"Wayamba kale lero?" anatero pomaliza. "Ayi, palibe kanthu, mbale wanga. Unandiuza. Mulungu amudalitse pa ntchitoyo."

5. Zotsala

A Bouchaib atabwerera ku desiki anapeza Wiam atafika kale, ataima pambali pa mipando iwiri ija. Anzawo onse anali ataweramira makompyuta awo, koma makutu anali komweko. Mtsikanayo anayamba kufotokoza za geti, za maphunziro, za mantha ake. Amalume anakweza dzanja ndipo iye anasiya.

"Unadziwa liti?"

"Lachiwiri, amalume."

"Lachiwiri." Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya. "Ukanandiuza, bwenzi nditakuuza kuti uvomere. Ukumva? Bwenzi nditakuuza kuti jambula zonse, tenga maphunzirowo, ine ndikupita ku doko. Tonse awiri bwenzi tili pa ntchito lero, ndipo Tazi sakanadziwa kanthu. Sunandiphe chifukwa chovomera kwa bwana, mwana wanga. Unandipha chifukwa unaganiza kuti ndingakutsekereze njira."

Mawu amenewo anamulasa Wiam kuposa mmene kukalipa kukanamulasira. Iye anali atakonzekera kutukwanidwa. Sanaganizepo n'komwe kuti panali njira yopulumukira onse awiri, ndiponso kuti njirayo inangofuna kuti awakhulupirire anthu amene anamulera. Misozi inatsika, koma panalibe amene anamupatsa kansalu.

Nthawi yomweyo kompyuta inalira. Pa sikirini panaoneka nkhope ya mnyamata wa ku Antananarivo, wovala malaya ositidwa bwino, akumwetulira mwamantha. Anati dzina lake ndi Tojo, waonera zojambulidwa zonse, ndipo ndi mwayi waukulu kuonana ndi mphunzitsi wake maso ndi maso. Analibe mlandu uliwonse. Nayenso kwawo anali ndi anthu omudikira.

A Bouchaib anamuyankha moni mwaulemu. Kenako anadzuka pampando wawo waukulu, umene anakhalapo zaka zonsezo, n'kuukankhira kwa Wiam. Iwo anakhala pa kampando ka pambali.

"Khala apo, uyambe. Pamene ulakwitse ndikukonza, chifukwa sindikufuna anthu adzanene kuti Bouchaib anaphunzitsa mopereweza."

Wiam anakhala, n'kuika manja pa mabatani. Amalume anaweramira kwa iye, nalankhula motsitsa kuti mnyamata wa pa sikirini asamve.

"Za ntchito yanga, azakhali ako ndikawauza ndekha madzulo ano. Akandifunsa kuti zatheka bwanji, ine sindikayankha. Ndikakuyang'ana iwe."